AMBUYE CHIONA NDI KALATA YA 1992

Abale anga a pa gulu lino, lero tisiye kaye za mtengo wa usipa. Ndikufuna tikumbutsane za munthu amene achinyamata ambiri odutsa pa Limbe Cathedral tsiku ndi tsiku samudziwa, Ambuye James Chiona, Arkiepiskopi wa Blantyre kuyambira 1967 mpaka 2001. Nkhaniyi ndi yaitali pang'ono, koma muwerenge mpaka kumapeto.

Ife obadwira kunyanja timadziwa kuti bata silitanthauza kuti zonse zili bwino. Nyanja ikhoza kugona zii m'mawa, masana mwera n'kukuntha, mabwato n'kugubuduzika. Malawi wa nthawi ya chipani chimodzi anali choncho. Alendo ankati ndi dziko la mtendere, pomwe anthu ankangokhala chete chifukwa cha mantha. Wopanda khadi la chipani ankabwezedwa pamsika, pa depoti ya basi, ngakhale kuchipatala. Wolankhula mosasamala ankatengedwa usiku n'kutsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu.

Ndiye panafika Lamulungu la pa 8 Malichi 1992, koyambirira kwa Lenti. M'matchalitchi a Katolika dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi. Anasaina anthu asanu ndi awiri: Ambuye Chiona a Blantyre, Mkhori a Chikwawa, Chamgwera a Zomba, Assolari a kwathu ku Mangochi, Chisendera a Dedza, Chimole a Lilongwe, ndi Monsinyo John Roche a Mzuzu.

Ambiri amaiyesa kalata ya ndale basi. Ayi ndithu. Mbali yaikulu inali yokhudza munthu wa kumudzi. Inanena za kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro ochepa a antchito, mitengo yozizira imene mlimi ankagulitsira mbewu zake, ana odzazana m'kalasi aphunzitsi ali ochepa, zipatala zosakwanira, ndi ziphuphu. Kenaka inafika pa ufulu wolankhula, kutsekera anthu popanda mlandu, makhadi ndi zopereka zokakamiza. Kumbukirani kuti chaka chomwecho kunali chilala choopsa, chimanga chinapserera m'minda. Anthu atamva kalatayo anazindikira kuti akunenedwawo ndi iwo omwe.

Boma linapsa mtima. Pa 10 Malichi maepiskopi anaitanidwa kupolisi mu Blantyre momwemuno, n'kupanikizidwa ndi mafunso maola ambiri. Kalatayo inaletsedwa, kupezeka nayo kunasanduka mlandu. Akuluakulu a chipani anakumana ku Lilongwe, ndipo ena pamsonkhanowo anafika ponena zoti maepiskopi aphedwe. Nyumba yosindikizira mabuku ya Montfort ku Balaka inayatsidwa moto. Monsinyo Roche, amene anali wa ku Ireland, anathamangitsidwa m'dziko mu Epulo. Ambuye Chiona anali mwana wa dziko lino, analibe kwina kowapitikitsira. Anakhalabe pa mpando wawo, ndipo sanabweze mawu.

Mwezi wa Meyi moto unabuka. Antchito a David Whitehead ananyanyala ntchito, sitalaka n'kufalikira mu Blantyre ndi Limbe, masitolo anaphwanyidwa, apolisi anawombera, anthu oposa 30 anafa. Apa m'pamene dziko likanatha kulowa m'chiphompho. Kutsidya kwa malire, ku Mozambique, nkhondo ya pachiweniweni inali isanathe, ndipo othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi tinali nawo konkuno. Aliyense ankaona ndi maso kumene mfuti imafikitsa anthu.

Chimene ine ndimawalemekezera kwambiri Ambuye Chiona ndi anzawo ndi ichi: atayatsa nyali sanaikumbatire okha. Mu Juni 1992 atsogoleri a CCAP pamodzi ndi nthumwi za World Alliance of Reformed Churches anapereka kalata yawo kwa Dr Kamuzu Banda yogwirizana ndi zimene maepiskopi ananena. Chaka chisanathe kunabadwa Public Affairs Committee, PAC ija timaimva mpaka lero. Munali Akatolika, a CCAP, a Anglican, Asilamu, maloya ndi a bizinesi. Anthu osiyana mapemphero anakhala pa tebulo limodzi, n'kumakambirana ndi komiti ya boma. Chilimira sakoka munthu mmodzi, eti? Wina agwira nyali, ena ali m'mabwato, ena pa chingwe. Wina akataya mbali yake, usipa wonse wapita.

Zotsatira mukuzidziwa. Pa 14 Juni 1993 kunachitika riferendamu, nyali kulimbana ndi tambala wakuda, ndipo pafupifupi anthu 63 pa 100 alionse anasankha zipani zambiri. Pa 17 Meyi 1994 tinavota, Bakili Muluzi anapambana, Kamuzu anavomereza. Boma linasintha popanda nkhondo.

Ambuye Chiona anapuma pa udindo mu 2001, malo awo analowa Ambuye Tarcisius Ziyaye. Anamwalira mu Ogasiti 2008.

Tsono funso langa kwa inu ndi ili. Mavuto a m'kalata ija, angati anatha? Mlimi akugulitsabe chimanga motchipa kwa mavenda nthawi yokolola, n'kudzachigulanso modula mu Januwale. Ana akuphunzirabe pansi pa mtengo. Ufulu wolankhula tili nawo, koma tikuuthera potukwanana za mitundu ndi zipembedzo pa mafoni omwewa. Akuluakulu aja analankhula nthawi imene kulankhula kunali kuika khosi pa mpeni, ndipo atatha kulankhula anakagogoda pa khomo la mpingo wina ndi pa mzikiti. Ife mnzathu wa chipembedzo china tinakhala naye liti pansi kukambirana za mjigo, sukulu kapena mlatho wa m'dera lathu?

Tumizani kwa ena, makamaka obadwa 1994 itadutsa. Mzimu wa Ambuye Chiona uuse mumtendere.