Mbiri ya Usenet ndi Mapulogalamu Amene Tinkawerengera Nkhani pa Waya wa Telefoni

Pa 22 February 2024 kampani ya Google idasiya kulandira mauthenga atsopano a Usenet. Nkhaniyi sidamveke patali, ndipo ana athu ambiri obadwira kuno sadziwa n'komwe kuti Usenet n'chiyani. Komatu ena mwa ife m'bungwe lino tidayamba kucheza ndi anthu akutali pa kompyuta kudzera m'njira imeneyi, Facebook ndi WhatsApp zisanabadwe. M'kalata ya mwezi uno tati tikumbutsane mbiri yake, makamaka ya mapulogalamu amene tinkaika m'makompyuta a m'nyumba kuti tiziwerengera mauthengawo, pamodzi ndi mavuto amene ankatipatsa. Mavutowo ndiwo adatiphunzitsa kudziwa kumene mawu athu amakakhala tikawatumiza, ndiponso amene ali ndi mphamvu pa mawuwo.

Chiyambi chake

Maganizo oyambitsa Usenet adachokera kwa Tom Truscott ndi Jim Ellis, ophunzira a pa yunivesite ya Duke ku North Carolina, m'dziko la America, m'chaka cha 1979. Mnzawo Steve Bellovin, wa pa yunivesite yoyandikana nayo ku Chapel Hill, ndiye adalemba pulogalamu yoyamba, ndipo ntchitoyi idalengezedwa kwa anthu mu 1980. Makompyuta a m'mayunivesite ankaimbirana telefoni, kawirikawiri usiku pamene mtengo unali wotsika, n'kupatsana mauthenga amene inzake inalibe. Uthenga unkayenda ngati moto wopalana kumudzi: nyumba iyi yapala kwa iyo, iyonso yapatsa ina, mpaka mudzi wonse wasonkha. Padalibe likulu, padalibenso mwini wake mmodzi.

Mauthenga ankaikidwa m'magulu malinga ndi nkhani yake. Mu 1987 mayina a maguluwo adakonzedwanso kuti aziyamba ndi mawu monga comp pa za makompyuta, sci pa za sayansi, rec pa zosangalatsa, ndi soc pa za chikhalidwe cha anthu. Chaka chomwecho kudayambanso magulu a alt, amene malamulo ake adali ofewa. Anthu a ku Africa okhala kunja ankakumana m'magulu ngati soc.culture.african, soc.culture.zimbabwe ndi soc.culture.south-africa. Mayiko enanso adali ndi magulu awoawo: a kuno ku Britain ankayamba ndi uk, a ku South Africa ndi za.

Chimene chidatsegula khomo kwa munthu wamba ndi ndondomeko ya NNTP, imene Brian Kantor ndi Phil Lapsley adaisindikiza mu February 1986. Ndondomekoyi idalola kuti mauthenga azisungidwa pa kompyuta yaikulu, yotchedwa seva, pamene wowerenga ali pa kompyuta ina kutali. M'zaka za m'ma 1990, makampani ogulitsa intaneti atayamba kufika m'nyumba za anthu, padabadwa mapulogalamu ambiri owerengera. A Macintosh adali ndi NewsWatcher, imene John Norstad adaikonza pa yunivesite ya Northwestern. A Windows adali ndi WinVN, kenaka Free Agent ya kampani ya Forté ya ku California. Netscape nayo idali ndi mbali yowerengera Usenet, ndipo kuyambira 1997 Outlook Express inkabwera pamodzi ndi Internet Explorer, kotero ambiri adali nayo osadziwa.

Kagwiritsidwe ntchito

Ambiri a ife amene tidabwera kudzagwira ntchito ya unamwino ndi yosamalira okalamba tidafika cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Nthawi imeneyo nyumba zambiri zinkalowabe pa intaneti kudzera pa modemu, kabokosi kolumikiza kompyuta ku waya wa telefoni. Kampani ya Freeserve, imene idayamba mu 1998, sinkalipiritsa ndalama ya pamwezi, koma mphindi iliyonse imene munthu wakhala pa intaneti inkawerengedwa pa bilu ya telefoni. Kwa munthu wotumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi, mphindizo sizidali zoseweretsa.

Apa ndi pamene Free Agent idatchukira. Poyamba munthu ankalemba dzina la seva ya kampani yake ya intaneti, dzina lake ndi adiresi ya imelo. Kenaka pulogalamuyo inkakoka mndandanda wa magulu onse a pa sevayo, amene ankakwana zikwi makumi angapo, ndipo ntchito imeneyi inkatenga nthawi ndithu pa modemu. Akasankha magulu amene akufuna, ankakoka mitu yokha ya mauthenga n'kudula foni. Mituyo ankaiwerenga mosathamanga, akuchonga imene yamusangalatsa. Ankaimbanso kachiwiri kuti akoke mauthenga ochongedwawo, n'kudulanso. Mayankho ankalemba foni ili yodula, ndipo onse ankapita pamodzi pa ulendo wotsatira. Kwa ife obwera ku ntchito ya usiku m'bandakucha, mphindi zochepa pa foni zinkatipatsa zowerenga za tsiku lonse.

Kufufuza pamene pali vuto

Ku sukulu ya unamwino adatiphunzitsa kuti wodwala sapatsidwa mankhwala asanayezedwe, ndipo kuyezako kuli ndi dongosolo lake. Mapulogalamuwa nawo ankafuna mtima womwewo, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Vuto linkatha kukhala pa waya, pa seva kapena m'kompyuta momwemo, ndipo wothamangira kufafaniza pulogalamu yonse ankangotaya mauthenga ake pachabe.

Poyamba ndi waya. Pulogalamu ikalephera kupeza seva, funso loyamba linali lakuti modemu yalumikizadi kapena ayi. M'nyumba zokhala anthu ambiri, monga mmene tinkakhalira titangofika, wina akanyamula foni m'chipinda china kulumikizana kunkaduka. Kabelu kodziwitsa kuti wina akuimba pamene foni ili kale pa ntchito nakonso kankadula. Waya ukakhala bwino, chotsatira chinali kuona ngati dzina la seva lalembedwa molondola, ndiponso ngati pulogalamu ikugogoda pa khomo loyenera, limene nambala yake ndi 119.

Kachiwiri ndi seva. Iyo inkayankha ndi manambala atatu, ndipo wodziwa tanthauzo lake sankavutika. Nambala 480 inkatanthauza kuti seva ikufuna dzina ndi mawu achinsinsi. Nambala 502 inkatanthauza kuti yakana, ndipo izi zinkachitika kawirikawiri munthu akasintha kampani ya intaneti koma n'kumagogodabe pa seva ya kampani yakale, imene inkatumikira makasitomala ake okha. Nambala 411 inkanena kuti gululo palibe pa sevayo, pakuti si seva iliyonse inkanyamula magulu onse. Nambala 441 inkanena kuti uthenga wakanidwa. Zifukwa zake zidalipo zingapo: maseva ena ankakana yankho limene mawu obwereza a munthu wina achuluka kuposa a wolembayo, ena ankakana uthenga ngati deti lake lili la m'tsogolo kapena lakale kwambiri. Pa makompyuta ogula kwa munthu, amene ambiri tinkakwanitsa, kabatire ka wotchi kakatha mphamvu deti linkasokonekera, ndipo mankhwala ake adali kungokonza wotchiyo.

Nambala yopweteka mtima idali 430, yonena kuti uthenga umene ukufunidwa palibe. Mutu wake unkaoneka bwinobwino, koma uthengawo utafafanizidwa kale. Malo osungira adali okwera mtengo, choncho seva iliyonse inkasunga mauthenga kwa masiku kapena masabata owerengeka basi. Wopita kumudzi ku maliro mwezi wathunthu ankapeza zokambirana zitadutsa. Nthawi zina yankho linkafika funso lisanafike, chifukwa mauthenga awiriwo adayenda njira zosiyana pochoka pa seva ina kupita pa ina. Apa padalibe chokonza, koma kudikira.

Kachitatu ndi pulogalamu yeniyeniyo. Seva iliyonse inkapatsa mauthenga manambala akeake, ndipo pulogalamu inkakumbukira pamene yalekezera potsata manambalawo. Munthu akasintha seva, pulogalamu inkatha kunena kuti palibe chatsopano pamene anthu akulemba tsiku ndi tsiku. Njira yake idali kuchotsa gululo ndi kulisankhanso. Free Agent inkafafaniza yokha mauthenga akale pofuna kusunga malo, kupatula amene mwini wake wawaika chizindikiro choti asungidwe. Outlook Express inkasunga mauthenga m'mafayilo a dbx, amene ankawonongeka akafika pa 2 GB, kapena magetsi akazima pulogalamu ili mkati mowapanikiza.

Padalinso vuto lokhudza ife mwapadera. Chilembo cha ŵ, chimene ena amalemba m'dzina la Malaŵi, mulibe m'gulu la zilembo la Latin-1 limene mapulogalamu a ku Ulaya ndi ku America ankadalira. Wina akachilemba m'njira ya UTF-8, wowerenga wa pulogalamu yakale ankaona MalaÅµi. Anthu a ku Wales, amene chinenero chawo chilinso ndi chilembochi, ankakumana ndi zomwezo. Ambiri adangozolowera kulemba w wamba.

Vuto la anthu

Walira mvula walira matope. Anthu atachuluka, khalidwe nalo lidasintha. Kale ophunzira atsopano ankalowa mu September chaka chilichonse, ndipo akale ankawalangiza kuti ayambe awerenga malangizo a mu news.announce.newusers, ayesere kutumiza mu alt.test, ndiponso akhale chete kwa kanthawi asanayambe kulankhula. Kuyambira 1993 ndi 1994, makampani akuluakulu monga AOL atatsegulira makasitomala awo, alendo adachuluka kuposa owalangiza, mpaka akale adati September ameneyo sadathe.

Pa 12 April 1994, maloya awiri a ku Arizona, Laurence Canter ndi Martha Siegel, adatumiza uthenga umodzi wotsatsa malonda m'magulu oposa 5,000. Ankaitana anthu kuti awalipire powathandiza kulowa mpikisano wa Green Card wa dziko la America, pamene masiku amenewo munthu ankatha kulowa yekha potumiza kalata wamba. N'zochititsa chidwi kuti uthenga umene umakumbukiridwa ngati chiyambi cha chigumula cha malonda osapemphedwa pa intaneti unkasaka anthu ngati ife, ofuna mapepala okhalira m'dziko la eni.

Chida chodzitetezera chidalipo kale. Larry Wall, polemba pulogalamu ya rn mu 1984, adaikamo mndandanda wa mayina ndi mitu imene wowerenga safuna kuiona, wotchedwa killfile. Mapulogalamu a m'nyumba ambiri adatengera nzeru imeneyi. Wowerenga ndiye ankasankha womumvera ndi womunyalanyaza, ndipo mauthenga ankabwera motsatana nthawi ndi nkhani yake, popanda kampani yomusankhira choyamba kuona.

Zofafanizika ndi zosafafanizika

Popeza maseva ankafafaniza mauthenga pakapita masabata, anthu ankalemba momasuka, ndi mayina awo enieni, poganiza kuti mawu awo apita ndi mphepo. Koma mu 1995 kampani ya Deja News idayamba kusunga mauthengawo ndi kulola aliyense kuwafufuza. Google idagula nkhokwe imeneyi mu February 2001, ndipo pofika December chaka chomwecho idawonjezamo mauthenga akale kuyambira 1981. Mkangano umene wophunzira adauyambitsa atapsa mtima udayamba kupezeka ndi aliyense wolemba dzina lake, kuphatikizapo ofuna kumulemba ntchito. Ochenjera ankaika mzere wa X-No-Archive pa uthenga wawo popempha kuti usasungidwe, koma wina akaubwereza m'yankho lake unkasungikabe.

Pang'onopang'ono makomo adayamba kutsekedwa. AOL idasiya kupereka Usenet mu 2005. Mu 2008 makampani ena akuluakulu a ku America, monga Time Warner Cable ndi Verizon, adatseka kapena kuchepetsa magulu amene ankanyamula. Mu May 2010 yunivesite ya Duke, kumene zonse zidayambira, idazimitsa seva yake. Usenet sidafe: maseva ena akadalipo, ndipo pulogalamu ya Thunderbird imawerengabe maguluwa. Koma bwalo limene tinkalidziwa lidabalalika.

Phunziro kwa bungwe lathu

Mbiriyi ikutionetsa zinthu ziwiri. Mawu amene tinkafuna kuti aiwalike adasungidwa ndi anthu ena osatifunsa. Mawu amene tinkafuna kuwapezanso adafafanizidwa ndi anthu ena, osatifunsanso. Chokhacho chimene chidali m'manja mwa wowerenga ndi chimene adachikokera m'kompyuta yake n'kuchisunga dala. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Lero zambiri za bungwe lathu zimakambidwa pa foni: zopereka za maliro, ndalama zotumizira thupi kumudzi, mayina a amene alipira ndi amene atsala, mfundo zimene tagwirizana pa msonkhano. Foni ikatayika, kapena woyang'anira gulu akasamuka, mkangano umabuka pa zinthu zimene tonse tinkaziona dzulo lomweli. Pempho lathu kwa a komiti ndi lakuti alembi azikopera mfundo ndi kaundula wa ndalama m'buku kapena m'fayilo ya bungwe mwezi uliwonse, ndipo makope ake azikhala ndi anthu osachepera awiri. Kwa tonse, tisanatumize mawu okwiya kapena nkhani ya matenda a mnzathu, tizikumbukira kuti uthenga ukachoka m'manja mwathu sitingauitanenso.

Amene mukadali ndi makompyuta kapena madiski a nthawi imeneyo, musafulumire kuwataya. Mwina muli makalata ndi zokambirana za masiku athu oyamba m'dziko lino, zimene adzukulu athu adzafuna kuwerenga. Bwerani nazo ku msonkhano wotsatira kuti achinyamata odziwa makompyuta atithandize kuzipulumutsa. Mukhale bwino nonse, ndipo a ntchito za usiku Mulungu akupatseni mphamvu.