BMI ndi mankhwala ochepetsa thupi: ndani amaloledwa kulandira?

Mankhwala ochepetsa thupi obaya m'jakisoni, monga Wegovy ndi Mounjaro, atchuka kwambiri ku Britain, ku United States ndi ku South Africa. Komabe si aliyense wofuna kuchepetsa thupi amene dokotala angamulembere mankhwalawa. Chinthu choyamba chimene madokotala, ogulitsa mankhwala ndi makampani a inshuwalansi amayang'ana ndi nambala yotchedwa BMI. Nambalayi imodzimodziyo ikhoza kumuloleza munthu kulandira mankhwala m'dziko lina koma n'kumukaniza m'dziko lina, ndipo ku Britain malire ake ndi otsikirapo kwa anthu akuda ochokera ku Africa.

Kodi BMI ndi chiyani?

BMI ndi chidule cha mawu achingerezi akuti Body Mass Index. Ndi muyeso woyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake. Popeza nambalayi, amatenga kulemera kwa munthu m'makilogalamu n'kugawa ndi kutalika kwake m'mamita, kenako yankholo n'kuligawanso ndi kutalika komweko. Mwachitsanzo, munthu wotalika mamita 1.65 amene amalemera makilogalamu 85, BMI yake ndi 31.2.

Kawerengedwe kameneka anakayamba ndi Adolphe Quetelet, katswiri wa masamu wa ku Belgium, m'zaka za m'ma 1830. Iye sanali dokotala, ndipo cholinga chake chinali kufotokoza thupi la anthu ambiri monga gulu, osati kuyeza thanzi la munthu mmodzi. Dzina lakuti Body Mass Index linaperekedwa mu 1972 ndi wasayansi wa ku America, Ancel Keys.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limagawa anthu akuluakulu motere: BMI yosakwana 18.5 ndi ya munthu wochepa thupi kwambiri, kuyambira 18.5 mpaka 24.9 ndi thupi loyenera. Kuyambira 25 mpaka 29.9 ndi munthu wolemera kuposa mlingo; ndipo 30 kupita m'tsogolo ndi kunenepa kwambiri, kumene madokotala amakutenga ngati matenda. Bungweli likuti mu 2022 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse padziko lapansi anali wonenepa kwambiri.

Mankhwala ake ndi ati?

Wegovy amapangidwa ndi kampani ya Novo Nordisk ya ku Denmark, ndipo mankhwala enieni amene ali m'kati mwake ndi semaglutide. Mankhwala omwewo amagulitsidwanso pa dzina lakuti Ozempic, koma chilolezo cha Ozempic ndi chothandiza odwala matenda a shuga a mtundu wachiwiri, osati chochepetsa thupi. Kampani ya Eli Lilly ya ku America imapanga tirzepatide. Ku Britain mankhwalawa amadziwika kuti Mounjaro, pomwe ku United States dzina lakuti Mounjaro ndi la odwala shuga ndipo Zepbound ndi la ofuna kuchepetsa thupi. Jakisoni wa mankhwala onsewa amabayidwa kamodzi pa sabata.

Mankhwalawa amatsanzira mahomoni amene matumbo amatulutsa munthu akadya, makamaka otchedwa GLP-1. Amauza ubongo kuti munthu wakhuta ndipo amachedwetsa chakudya kutuluka m'chifu, kotero njala imachepa. Pa kafukufuku wotchedwa STEP 1, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021, anthu obayidwa semaglutide anataya pafupifupi 15 peresenti ya kulemera kwawo m'masabata 68. Pa kafukufuku wa SURMOUNT-1 wa mu 2022, olandira mlingo waukulu wa tirzepatide anataya pafupifupi 21 peresenti m'masabata 72.

Palinso mankhwala akale. Saxenda ndi jakisoni wa tsiku ndi tsiku, ndipo orlistat ndi makapusozi akumwa amene amatchinga mafuta ena a m'chakudya kuti asalowe m'thupi.

Malire a ku United States

Pamene bungwe loona za zakudya ndi mankhwala la FDA linavomereza Wegovy mu Juni 2021, linatchula magulu awiri a anthu akuluakulu: amene BMI yawo ndi 30 kapena kupitirira, ndi amene BMI yawo ndi 27 kapena kupitirira koma ali ndi matenda amodzi okhudzana ndi kunenepa, monga kuthamanga kwa magazi, shuga wa mtundu wachiwiri kapena kuchuluka kwa mafuta oipa m'magazi. Malire omwewo anatchulidwanso pamene Zepbound anavomerezedwa mu Novembala 2023. Kwa munthu wotalika mamita 1.65, BMI ya 27 imayambira pa makilogalamu pafupifupi 74, ndipo ya 30 imayambira pa makilogalamu pafupifupi 82.

Kukwanitsa malire amenewa kumangotanthauza kuti dokotala akhoza kulemba mankhwalawo. Wolipira ndi nkhani ina. Kampani iliyonse ya inshuwalansi ili ndi malamulo ake: ina imafuna umboni wakuti munthuyo anayesapo kusintha kadyedwe, ndipo ina salipira n'komwe mankhwala ochepetsa thupi.

Malire a ku Britain

Ku Britain kuli makomo awiri. Munthu wodzilipirira yekha amatsata chilolezo cha bungwe loyang'anira mankhwala la MHRA, chimene malire ake ndi ofanana ndi a ku America: 30, kapena 27 ngati pali matenda ena. Kuyambira mu Febuluwale 2025, ogulitsa mankhwala pa intaneti amayenera kutsimikiza okha kulemera ndi kutalika kwa wogula, osangodalira zimene iye walemba pa fomu.

Khomo la chipatala cha boma, NHS, ndi lopapatiza. Bungwe la NICE, limene limalangiza za mankhwala oyenera kulipiridwa ndi boma, linanena mu Disembala 2024 kuti tirzepatide aziperekedwa kwa munthu wa BMI ya 35 kapena kupitirira amene alinso ndi matenda amodzi okhudzana ndi kunenepa. Ku England kokha anthu oterewa ndi pafupifupi 3.4 miliyoni, kotero NHS inaganiza zopereka mankhwalawa pang'onopang'ono, kuyamba ndi anthu pafupifupi 220,000 m'zaka zitatu zoyambirira. Gulu loyamba, limene linayamba kulandira kudzera kwa madokotala a m'madera mu Juni 2025, linali la anthu a BMI ya 40 kapena kupitirira amene ali ndi matenda anayi mwa asanu awa: shuga wa mtundu wachiwiri, kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima ndi mitsempha, kubanika kutulo, ndi kuchuluka kwa mafuta oipa m'magazi.

Apa ndi pamene mtundu wa munthu umalowererapo. NICE imatsitsa malire ndi 2.5 kwa anthu akuda a ku Africa ndi a ku Caribbean, a ku Asia ndiponso a ku Middle East, chifukwa kafukufuku wa ku Britain anaonetsa kuti anthu a mitundu imeneyi amayamba kudwala shuga BMI yawo idakali yotsika poyerekeza ndi azungu. Choncho kwa Mmalawi, Mzambia kapena Mzimbabwe wakuda wokhala ku England, kunenepa kwambiri kumayambira pa 27.5 osati 30. Malire a 35 amakhala 32.5, ndipo a 40 amakhala 37.5.

Chitsanzo chikhoza kumveketsa bwino kusiyanaku. Mayi wakuda wotalika mamita 1.65, wolemera makilogalamu 90, amene akudwala kuthamanga kwa magazi, BMI yake ndi 33. Ku United States dokotala akhoza kumulembera mankhwalawa. Ku England akhoza kuwagula ndi ndalama zake, ndipo akukwanitsa malire a NICE chifukwa wapitirira 32.5. Komabe sakanalowa m'gulu loyamba la NHS, chifukwa sanafike pa 37.5 ndipo matenda ake ndi amodzi okha.

Ku South Africa

Ku South Africa mankhwala amavomerezedwa ndi bungwe la SAHPRA. Mounjaro anayamba kugulitsidwa m'dzikolo kumapeto kwa 2024 kudzera ku kampani ya Aspen, ndipo Wegovy anafika mu Ogasiti 2025. Onsewa amagulidwa pokhapokha dokotala atalemba. Vuto la kunenepa ndi lalikulu m'dzikolo: kafukufuku wa boma wa za umoyo wa mu 2016 anapeza kuti amayi 68 mwa 100 alionse ndi abambo 31 mwa 100 alionse anali olemera kuposa mlingo kapena onenepa kwambiri.

Zimene BMI siona

BMI siisiyanitsa mafuta ndi minofu kapena mafupa. Munthu wonyamula zitsulo akhoza kukhala ndi BMI ya 30 alibe mafuta ochuluka, pomwe wokalamba amene minofu yake yafota akhoza kukhala ndi BMI yooneka yabwino koma mafuta ali ambiri. Nambalayi siuzanso pamene mafutawo ali, chonsecho mafuta a pamimba, ozungulira chiwindi ndi matumbo, ndiwo oopsa kwambiri. N'chifukwa chake NICE imalangizanso kuyeza m'chiuno ndi tepi: muyeso wa m'chiuno uzikhala wosafika theka la kutalika kwa munthu. Wotalika masentimita 170, m'chiuno mwake musafike masentimita 85.

Mu Juni 2023 bungwe la madokotala a ku America la American Medical Association linanena kuti BMI isamagwiritsidwe ntchito payokha, popeza maziko ake anachokera makamaka pa kuyeza azungu. Mu Januwale 2025 gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi Pulofesa Francesco Rubino wa ku King's College London linalangiza kuti madokotala azisiyanitsa munthu wonenepa amene ziwalo zake zikugwirabe bwino ntchito ndi munthu amene kunenepa kwayamba kale kumudwalitsa. Ngakhale zili choncho, BMI idakali chipata choyamba chifukwa kuyeza kwake n'kosavuta ndipo kumangofuna sikelo ndi tepi.

Amene sayenera kulandira ngakhale BMI itakwana

Mankhwalawa saperekedwa kwa mayi woyembekezera kapena amene akufuna kutenga pathupi posachedwa. MHRA imalangiza kusiya semaglutide miyezi iwiri, ndi tirzepatide mwezi umodzi, asanayambe kufuna mwana. Tirzepatide akhoza kufooketsa mphamvu ya mapilitsi olera, kotero mayi amalangizidwa kuwonjezera njira ina, monga kondomu, kwa masabata anayi atangoyamba mankhwalawa ndiponso nthawi iliyonse mlingo ukakwezedwa. Ku United States saperekedwa kwa munthu amene iye kapena wachibale wake anadwalapo khansa ina ya chithokomiro yotchedwa medullary. Dokotala amafunsanso ngati munthuyo anatupapo kapamba.

Zovuta zofala ndi nseru, kusanza, kutsegula m'mimba ndi kudzimbidwa, makamaka mlingo ukangokwezedwa. Ena ochepa amadwala timiyala ta m'ndulu kapena kutupa kwa kapamba, kumene chizindikiro chake ndi kupweteka kwambiri kwa m'mimba kosaleka.

Munthu akasiya mankhwalawa thupi limabwerera. Ochita kafukufuku wa STEP 1 anatsatira ena mwa anthu amene anasiya semaglutide, ndipo anapeza kuti patatha chaka chimodzi anali atabwezeretsa magawo awiri mwa atatu a kulemera kumene anataya. N'chifukwa chake zilolezo zonse zimanena kuti mankhwalawa aziyendera limodzi ndi kusintha kadyedwe komanso kuchita masewera olimbitsa thupi.

Chiopsezo china chimagwera anthu amene akanidwa kuchipatala n'kukagula mwamseri. Mu Juni 2024 WHO inachenjeza za Ozempic wachinyengo amene anapezeka ku Brazil, ku Britain ndi ku United States. Ku Britain majakisoni ena achinyengo anapezeka ali ndi insulin, amene akhoza kutsitsa shuga m'magazi mpaka munthu kukomoka. Akuluakulu a zaumoyo amalangiza kugula mankhwalawa kokha kwa ogulitsa olembetsedwa ndi boma, dokotala atamuyeza munthuyo ndi kumufunsa mbiri ya matenda ake.