Mambwe ku Beijing

Badminton inalowa mu Commonwealth Games mu 1966 ku Kingston, koma ku Olimpiki inadikira mpaka 1992 ku Barcelona. Ku All-Africa Games inachedwanso, inayamba 2003 ku Abuja. Patangopita zaka zinayi, Eli Mambwe wa Zambia anatenga mendulo yasiliva ku Algiers, ndipo mu 2008 anakasewera ku Beijing, kwawo kwa akatswiri a masewerawa.

Kuno ku Chipata dzina lakelo sitilitchula kawirikawiri; pakamwa pathu pamangokhala Chipolopolo. Chifukwa china n'chapoyera: kampira ka nthenga kamafuna holo, pakuti mphepo ya Ogasiti imakauluza. Mpira wamiyendo umangofuna bwalo lafumbi ndi miyala iwiri, ndiye ana athu amathamangira komweko.