Mbiri ya Kusunga Magetsi m'Nyumba za mu Lusaka

Lusaka atakhala likulu la Northern Rhodesia m'chaka cha 1935, atsamunda anagawa mzindawu motsata khungu, moti pamene madera a azungu monga Kabulonga ndi Woodlands ankamangidwa ndi zonse zofunika, antchito achikuda ku Kabwata ankagona m'tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu. Ngakhale kampani ya magetsi ya ZESCO inakhazikitsidwa mu 1970, ndipo magetsi a ku Kafue Gorge ndi ku Kariba anachuluka m'zaka zotsatira, mabanja ambiri a m'makomboni anakhalabe opanda waya, ndipo wailesi kapena TV yawo inkayendera batire la galimoto lomwe ankapita nalo kotchajitsa likatha mphamvu.

Luso limeneli, lomwe linali la osauka, linalowa m'nyumba za opeza bwino chifukwa cha chilala. Madzi opangira magetsi atachepa ku damu la Kariba mu 2015, magetsi ankazima maola 8 patsiku, ndipo mu 2024, chaka chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko, ankatha kuzima maola 21. Ku Chelstone ngakhalenso ku Kabulonga anthu anathamangira kugula mainivata, zida zosandutsa mphamvu ya batire kukhala magetsi a m'nyumba.

Apa ndi pamene amisiri anakumana ndi vuto lenileni la ntchitoyi. Inivata ya mavolti 24 imafuna mabatire awiri a mavolti 12 olumikizidwa motsatizana, kutanthauza kuti mutu wa pulasi wa lina umagwirana ndi wa mainasi wa linzake, ndipo mphamvu yodutsa mwa onse awiri imakhala imodzimodzi. Lina likakhala lofooka limadzaza msanga, madzi ake n'kumawira ndi kuphwa, pomwe linzake silinakhute n'komwe. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito amapima batire lililonse palokha ndi mita, ndipo amakana kuphatikiza lakale ndi latsopano ngakhale mwininyumba adandaule za mtengo. Mabatire a lithium, omwe afala masiku ano, amabwera ndi kachipangizo kolinganiza maselo ake.

Ena amaganiza kuti supercapacitor, chida chosunga magetsi pamakala opyapyala kwambiri m'malo modalira kusintha kwa mankhwala, ingalowe m'malo mwa batire, popeza imadzaza m'kanthawi kochepa ndipo imatchajidwa kambirimbiri osatha. Komabe imodzi nthawi zambiri imapirira mavolti 2.7 okha, choncho zimafunika 6 zotsatizana kuti zifike pa mavolti 16.2 n'kugwira ntchito ya batire la mavolti 12, ndipo popanda resistor, kachida kotayira mphamvu yopitirira muyeso, pa iliyonse, imodzi imapyola malire ake ndi kuonongeka isanakwane nthawi. Zikalinganizidwa bwino zimatha kuliza injini ya galimoto, koma zimasunga mphamvu yochepa kwambiri poyerekeza ndi batire lolemera mofanana nazo, choncho sizingayendetse firiji ya banja la ku Kabwata usiku wonse.