Afe kapena asafe? Mbiri ya sitaring'i wa m'mafilimu a zigawenga, ndi trailer yomwe imabisa maliro ake

Amene mudalipo Loweruka lija mukudziwa mmene zidathera. Tidakhala pansi kuti timalize nkhani ya kafilimu kathu, ka mnyamata wa pa esiteti amene bambo ake, tenanti, atseka sizoni ali ndi ngongole m'malo mwa malipiro, iye n'kuyamba kuzembetsa mabelo a fodya usiku kuwolotsa malire. Mpaka pakati pa nkhani tonse timamvana. Pofika kumapeto ndiye padabuka phokoso: ena akuti afe, ena akuti amangidwe, anyamata a benchi lakumbuyo aja akungokuwa kuti "sitaring'i safa, aise!" Ndidalonjeza kuti ndilemba. Mkanganowu sitidauyambe ndife, watha zaka zoposa 90, ndipo ndi bwino muudziwe tisanavote.

Tiyambire ku Chicago m'chaka cha 1931. Musadabwe, kudali munthu wa konkuno: chaka chimenecho Hastings Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu, amamaliza digiri yake ku University of Chicago. Mumzinda womwewo, mu Okutobala wa chaka chomwecho, khoti lidapeza Al Capone wolakwa n'kumugamula zaka 11. Capone adalemera chifukwa kuyambira 1920 mpaka 1933 dziko la America lidaletsa kufulula, kunyamula ndi kugulitsa mowa. Lamulo lidatseka mabala koma ludzu silidathe, ndiye amene adali ndi galimoto, mfuti ndi wapolisi wake wom'patsa kangachepe adasanduka mfumu. Pa 14 Febuluwale 1929 amuna 7 a gulu lopikisana naye adaimikidwa kukhoma m'galaja n'kuwomberedwa, ena mwa owomberawo atavala ngati apolisi. Capone sadaimbidwe mlandu wa imfazo. Chidam'gwetsa n'kuzemba msonkho basi.

Anthu ankawerenga zimenezi m'nyuzi tsiku ndi tsiku, ndipo mafilimu adali atangoyamba kumene kutulutsa mawu. Kwa nthawi yoyamba munthu ankatha kumva mfuti ikulira ndi matayala akukhuluzika pakona ali m'holo. Pasanathe zaka ziwiri padatuluka mafilimu atatu amene adaumba chikombole chomwe tikugwiritsabe ntchito: Little Caesar ndi The Public Enemy mu 1931, ndi Scarface mu 1932.

Mafupa a nkhani ndi amodzi, ndipo mukawerenga muona kuti ndi omwewo tidalemba ife osadziwa. Mnyamata wosauka, kawirikawiri mwana wa anthu obwera, aona kuti khomo lakutsogolo n'lotseka. Bwana wina am'tuma kantchito kakang'ono. Aonetsa kulimba mtima, akwera, agula suti, ndipo kamera imaima pa sutiyo nthawi yaitali dala. Kenako achotsa bwana wake uja n'kukhala pampando. Apa ndi pamene zimayamba kuvunda: sakhulupiriranso munthu, mnzake wa paubwana am'thawa kapena afa, mayi ake akulira kunyumba. Pomaliza amatsala yekha. Rico wa mu Little Caesar, amene adasewera Edward G. Robinson, akufera kuseri kwa chikwangwani chotsatsa gule wa mnzake amene adasiya zauchigawenga. Tom Powers wa James Cagney mu The Public Enemy ndiye zomvetsa chisoni: mayi ake ali m'chipinda kum'yalira bedi mosangalala poti amva kuti mwana akubwera, kugogoda pakhomo, mkulu wake atsegula, mtembo womangidwa m'bulangete n'kugwera m'nyumba chafufumimba. Tony Camonte wa mu Scarface akufera pamsewu, pamwamba pake chikwangwani cha magetsi chikunena kuti dziko lonse ndi lako.

Nanga n'chifukwa chiyani onse akufa? Mbali ina ndi luso la nkhani. Mlembi wina, Robert Warshow, adalemba mu 1948 kuti chigawenga cha m'filimu chimaphedwa ndi kupambana kwake komwe, chifukwa kukwera kumam'siya yekha, ndipo munthu wayekha pamwamba aliyense amam'loza. Koma mbali ina, anzanga, lidali lamulo. Makampani a ku Hollywood adagwirizana mu 1930 malamulo otchedwa Production Code, ambiri amati Hays Code, omwe adayamba kuluma zenizeni mu 1934. Ankati filimu isachititse oonera kukhala mbali ya wolakwa, ndipo isaphunzitse njira zobera. Scarface idavutika nawo ngakhale asanakhwime: adaiwonjezera mawu pa dzina oitcha manyazi a dziko, ndipo adajambula mapeto ena oti Tony apachikidwe ndi boma, Paul Muni mwini wake palibe, pali munthu wina wongoimirira m'malo mwake. Pofika 1935 Cagney yemwe uja adam'veka baji mu filimu ya G Men. Mfuti zomwezo, liwiro lomwelo, kungoti tsopano akuwombera m'dzina la boma.

Pali filimu imodzi ya nthawi imeneyo yomwe ndikadakonda tidzaonere limodzi, chifukwa ikukamba za kalabu ngati yathu. Ndi Angels with Dirty Faces ya 1938. Anyamata awiri akuba m'bogi ya sitima, apolisi awathamangitsa, wina athawa, wina agwidwa. Wothawayo, Jerry, akukula n'kukhala wansembe woyang'anira achinyamata. Wogwidwayo, Rocky Sullivan, akukula n'kukhala chigawenga chotchuka, ndipo ana a wansembe uja onse akum'tenga ngati mulungu wawo. Rocky ataweruzidwa kuti aphedwe pampando wamagetsi, Jerry apita kukam'pempha chinthu chimodzi: ufe ngati wamantha, ulire, kuti anawa asiye kukusirira. Rocky akana. Koma pofika pampandopo timva akukuwa ndi kuchonderera, ndipo chomwe tikuona kwambiri ndi chithunzithunzi chake pakhoma. Kodi adachitadi mantha, kapena adachitira anawo? Filimu sinena. Mudzakangana mpaka mdima, ndikudziwa.

Tsopano funso n'lakuti kodi imfa ya pamapetoyi inkagwira ntchito yomwe olemba malamulo ankafuna? Yankho labwino lili ku Joni, komwe agogo athu ambiri adapita pa Wenela ndi pa selefu, ndipo n'komwe tidatengako liwu loti tsotsi. Mu 1948 ku America kudatuluka The Street with No Name, filimu yotamanda apolisi a FBI, yoyamba ndi uthenga wa mkulu wawo J. Edgar Hoover. Chigawenga chake ndi Alec Stiles, amene adasewera Richard Widmark: jasi lalitali, akuluma apulo, akununkhiza kabotolo ka mankhwala a chimfine. Itafika ku Johannesburg, anyamata a ku Sophiatown sadasamale za FBI. Anthony Sampson, yemwe adali mkonzi wa magazini ya Drum, adalemba mmene holo inkaphulikira Stiles akatulukira, n'kuzizira apolisi akayamba kupambana. Atsotsi adatengera jasi, apulo, ngakhale kabotolo kaja. Gulu lina lotchuka la kumeneko linkadzitcha The Americans. Kwa mnyamata wakuda amene wapolisi amam'gwira chifukwa cha chiphaso, kumuuza kuti wapolisi ndiye sitaring'i kudali kutaya nthawi. Mphindi zisanu zomaliza adazisiya m'holo momwemo.

Apa ndi pomwe trailer ikulowera, chifukwa trailer imachita dala zomwe atsotsi aja ankachita m'mutu mwawo. Dzinalo ndi lomwe lija la ngolo yomwe thirakitala imakoka pa esiteti: poyamba tizidutswa totsatsati tinkaonetsedwa kumbuyo, filimu itatha. Yoyamba imanenedwa kuti ndi ya 1913, yomwe Nils Granlund adakonza m'maholo a Loew's potsatsa sewero la pa siteji ku New York. Atazindikira kuti anthu amatuluka filimu ikangotha, adazisunthira kutsogolo, dzina lokha n'kutsala. Ku America trailer ya m'holo kawirikawiri sipitirira mphindi ziwiri ndi theka, ndipo m'kanthawi kameneko imakhala ndi kankhani kakekake. Imayamba mwakachetechete, liwu la sitaring'i likunena komwe adachokera. Nyimbo ilowa, ndalama ziwerengedwa, galimoto, madona, utsi wa ndudu. Ife a kuno tikaona utsi umenewo timaganiza za chigafa ndi mitengo ya ku Chinkhoma, koma pa kanema ndi chizindikiro choti munthu wafika. Kenako wina aopseza, zithunzi ziyamba kuthamanga, mfuti, kukuwa, mdima, dzina la filimu. Mwaona chomwe chasowa? Mtembo wa pakhomo uja mulibe. Sangauonetse, chifukwa akatero ndani alipire pakhomo? Filimu yathunthu imakwera phiri n'kutsika. Trailer imakwera n'kukusiyani pamwamba.

Malamulo a Hays adatha mu 1968, m'malo mwake kudabwera zilembo zosonyeza msinkhu wa oonera. Chaka chomwecho kuno kwathu Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa Censorship and Control of Entertainments Act, boma la mwana wa ku Kasungu uja n'kuyamba kudula mafilimu ndi sizasi pomwe Hollywood imaika yake pansi. Kumeneko chikombole chidayamba kupindika. Mu The Godfather ya 1972, ya Francis Ford Coppola, Michael Corleone safa. Adani ake akuphedwa iye ataimirira m'tchalitchi pa ubatizo wa mwana wa mlongo wake, ndipo filimu ikutha chitseko chikutsekedwa mkazi wake ali kunja. Wapambana, koma taonani nkhope yake. Scarface ya 1983, ya Al Pacino ngati Tony Montana, idabwerera ku chikombole chakale ndipo Tony akufera m'dziwe la m'nyumba mwake. Komabe funsani amene amavala tisheti ya nkhope yake ngati amakumbukira dziwelo.

Ife zambiri mwa izi zidatipeza mochedwa. Wailesi ya kanema ya dziko lino idatsegulidwa mu 1999, ndiye sukulu yathu ya mafilimu idali vidiyo sho ya pa tauni: kachipinda ka mdima, mabenchi, jenereta kuseri, sipika panja. Sipikayo ndiyo idali trailer yathu, pamodzi ndi bolodi la choko ndi mnzako amene adaonera dzulo. Ndipo mnzakoyo sankafotokoza za mayi wolira, ankafotokoza zibakera. "Sitaring'i safa" idabadwira mmenemo, kwa Rambo, Commando ndi Van Damme, komatu amenewo si mafilimu a zigawenga. M'menemo sitaring'i ndi wabwino ndipo bosi ndiye amafa. Filimu ya zigawenga imakuika m'nsapato za bosiyo kuyambira ali mwana. Anyamata a benchi lakumbuyo, pepani, mwasakaniza mitundu iwiri.

Anzathu a ku South Africa, omwe nkhani zawo zikufanana ndi yathu, adayesa njira zitatu. Mapantsula ya 1988, ya Oliver Schmitz ndi Thomas Mogotlane, adaipereka kwa akuluakulu a boma la tsankho ngati filimu wamba ya atsotsi, pomwe mkati mwake mudali ndale. Panic, wopisa m'matumba, akutsekeredwa limodzi ndi omenyera ufulu, apolisi akufuna asaine chikalata chopereka anzake, ndipo filimu ikuthera pa kukana kwake. Boma lidailetsa. Tsotsi ya 2005, ya Gavin Hood, yomwe idapata Oscar mu 2006, ikutha Presley Chweneyagae atabweza khanda lomwe adalipeza m'galimoto yakuba, manja ali m'mwamba, apolisi atam'zinga. M'buku la Athol Fugard lomwe idachokera mnyamatayo amafa, ndipo Hood adajambulanso mapeto ena awiri, owomberedwa ndi othawa, n'kuwasiya. Jerusalema ya 2008, yomwe ambiri mudaionera yotanthauziridwa m'Chichewa pa memori khadi, ndiye idasankha kuthawa: Lucky Kunene, amene adapeza malo ku yunivesite koma fizi idasowa, alanda nyumba zosanja za ku Hillbrow, agwidwa, azemba, n'kumayenda m'mbali mwa nyanja. Ine imandisangalatsa, sindinama, koma nthawi zonse ndimaona ngati ndaonera trailer ya maola awiri.

Maganizo anga pa kafilimu kathu ndi awa, ndipo mutha kuwakana. Kumupha mnyamata wathu ndi chipolopolo n'kophweka, koma ang'onoang'ono adzachita zomwe adachita a ku Sophiatown. Kum'siya athawe ndi ndalama ndi bodza lomwe aliyense wa kuno adzaligwira, chifukwa tikudziwa kuti wonyamula mabelo pa njinga usiku si amene amalemera. Ndikadakonda titengere kwa Tom Powers ndi kwa Tsotsi: kamera ichoke pa iye, ipite pa amene akudikira kunyumba. Ndipo poti ambiri adzangoona kaduka ka masekondi 30 pa sitetasi ya WhatsApp, osati filimu yonse, a gulu lodula zithunzi musatipatse njinga yamoto ndi ndalama zokhazokha. Muikemo bambo ake ali pa sikelo ya esiteti, akuuzidwa kuti ngongole yaposa fodya.

Tivota Loweruka likubwerali ikamati 2 koloko, pamalo pathu pomwe paja. Aliyense abwere ndi mapeto ake olemba, osapitirira theka la peji. Amene ali ndi sipika ija aibweretse yotchaja, tidzayamba ndi kuonera mphindi khumi zomaliza za Rocky Sullivan.