Mphindi yoyamba ndege ikanyamuka

Ife a ku Chirimba ndege timazidziwa ndi khutu. Kandege kakang'ono kakanyamuka ku Chileka masana mu Okutobala, ine ndimakhala tcheru mpaka kulira kwake kutazirala. Bwalo la ndege la Chileka lili pamalo okwera mamita pafupifupi 780. Kukatentha mpweya umapepuka, injini imachepa mphamvu, mapiko sanyamula bwino. Ndiye katundu akachuluka, phiri la Michiru nalo lili pompo, zinthu zimavuta.

Vutoli ndi lakale. Mu Malichi 1920, Pierre van Ryneveld ndi Quintin Brand, paulendo wochoka ku England kupita ku Cape Town, anagwa ndi ndege yawo Silver Queen II atangonyamuka ku Bulawayo, malo okwera kuposa kwathu kuno. Iwo anapulumuka.

Anyamata a timu ya mpira ya Zambia analibe mwayi umenewo. Pa 27 Epulo 1993 ndege ya asilikali imene anakwera inagwera m'nyanja itangochoka ku Libreville, ku Gabon, ndipo anthu onse 30 anamwalira. Lipoti la mu 2003 linati injini ya kumanzere inawonongeka, koma woyendetsa, amene anali atatopa, anazimitsa ya kumanja yomwe inali bwinobwino.

Kandege ka injini imodzi ndiye kalibe podalira. Injiniyo ikazima kadakali pafupi ndi nthaka, mtima umati bwerera kubwalo, koma pokhotapo liwiro limatha, n'kugwa chamutu. Aphunzitsi a oyendetsa ndege amati tera kutsogolo, ngakhale m'munda wa chimanga.

Inu okwera, woyendetsa akati chikwama chitsale, musamakangane naye.