Mtanthauziramawu Amene Anatenga Zaka 28

M'chaka cha 2000 kampani ya Dzuka inasindikiza buku lotchedwa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, lomwe linakonzedwa ndi Centre for Language Studies, nthambi ya Yunivesite ya Malawi yoona za ziyankhulo ku Zomba. Ambiri amene amatsegula bukuli pofuna tanthauzo la mawu sadziwa kuti ntchito yolemba buku lotere inalamulidwa kalekale m'chaka cha 1972. Kuchokera pomwe lamulo linaperekedwa kufikira pomwe buku linatuluka panadutsa zaka 28. Ine ndimagwira ntchito m'boma, ndipo mbiri ya bukuli imandikumbutsa zomwe timaziona tsiku ndi tsiku m'maofesi mwathu: momwe khalidwe la amene ali pamwamba limafulumizitsira kapena kuchedwetsa ntchito ya amene ali pansi.

Nkhaniyi ikuyambira m'chaka cha 1968 pomwe msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress Party unagwirizana kuti Chinyanja chidzitchedwa Chichewa ndi kuti chikhale chiyankhulo cha dziko lonse, pambali pa Chingerezi. Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC. Patatha zaka zinayi, boma linakhazikitsa bungwe la Chichewa Board ndi kulipatsa ntchito zitatu: kulemba mtanthauziramawu watsopano, kulangiza masukulu, atolankhani ndi osindikiza mabuku za kalembedwe koyenera, ndiponso kulimbikitsa kafukufuku wa Chichewa.

Tisalinyoze bungweli ngati kuti silinachite kanthu. Linatulutsa malamulo a kalembedwe ka Chichewa m'zaka za 1973, 1980 ndi 1990, ndipo malamulowo ndi amene tonsefe tinaphunzira nawo kusukulu. Amene anawerengapo Buku Lopatulika lakale akudziwa kuti m'menemo mumalembedwa "cifukwa" ndi "cimene", pomwe ife lero timalemba "chifukwa" ndi "chimene". Makolo athu ankalemba "bvuto", ife timalemba "vuto". Bungweli linalinso ndi pulogalamu ya Tiphunzitsane Chichewa pa wailesi, yomwe inkamveka m'midzi ndi m'matauni momwe. Koma ntchito yaikulu pa zonse, ya mtanthauziramawu, inakhala ili chigonere kufikira bungwelo linatha.

Chifukwa chimodzi chachikulu chinali mthunzi wa mtsogoleri wa dziko. Dr H. Kamuzu Banda ankadziona ngati mwini wake wa Chichewa. Ali mnyamata pa Yunivesite ya Chicago ku America, ndiwo anathandiza katswiri wina, Mark Hanna Watkins, kulemba buku la malamulo a Chichewa lomwe linatuluka m'chaka cha 1937. Atakhala pulezidenti, ankadzudzula pagulu Chichewa chomwe ankati n'chosakanikirana ndi Chingerezi, ndipo kwa iwo Chichewa chenicheni chinali cha kwawo ku Kasungu. Munthu yemweyo anali mtsogoleri wa dziko wamuyaya kuyambira 1971, komanso mkulu wa Yunivesite ya Malawi.

Tsono taganizani za munthu amene wakhala pa desiki kuti alembe tanthauzo la mawu m'nthawi imeneyo. Ntchito ya mtanthauziramawu imayenda ndi mtsutso. Wina amati mawu awa ndi a ku Dedza, wina amati ku Mulanje amanena mwina, wachitatu amafunsa ngati "galimoto" ndi "sitolo" ayenera kulowa m'buku kapena ayi. Pamapeto pake munthu mmodzi amayenera kugamula, n'kusaina. Nanga ngati chogamulidwacho chikakhumudwitsa amene mawu awo anali lamulo? Yemwe anagwirapo ntchito m'boma akudziwa chomwe chimachitika pa nthawi yotere. Fayilo imakwera, imatsika, imakweranso, ili ndi mawu akuti abwana aone kaye. Palibe amene wakana ntchito, palibenso amene waigwira. Ndinaonapo mu ofesi ina kalata ya ndime ziwiri ikuzungulira miyezi itatu chifukwa aliyense ankaopa kuti dzina lake lioneke pansi pake.

Manthawo sanali a chabe. Pa 25 September 1987 a Jack Mapanje, mlakatuli komanso katswiri wa ziyankhulo yemwe ankatsogolera dipatimenti ku Chancellor College, anamangidwa ku Zomba n'kukatsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu. Anatuluka m'chaka cha 1991. Aliyense wogwira ntchito ya mawu, kaya ku yunivesite, ku wailesi kapena ku bungwe la Chichewa, anatolapo phunziro lakuti kukhala chete kumasunga banja.

Zinthu zinasintha ndi riferendamu ya 1993 komanso chisankho cha 1994. Chichewa Board inathetsedwa m'chaka cha 1995, ndipo m'chaka cha 1996 m'malo mwake munabadwa Centre for Language Studies. Kusintha kwake kunali kwa mbali ziwiri. Koyamba, ntchito inachoka m'manja mwa andale n'kupita pansi pa yunivesite, komwe wophunzira amaloledwa kufunsa mphunzitsi wake umboni wa zomwe akunena. Kachiwiri, nthambi yatsopanoyi inapatsidwa ziyankhulo zonse za m'Malawi, monga Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga, osati Chichewa chokha. Mkulu wake woyamba anali Pulofesa Al Mtenje, ndipo pambuyo pake anadzatsogoleraponso Pulofesa Pascal Kishindo, omwe analembapo za mbiri ya Chichewa Board.

Patangotha zaka zinayi mtanthauziramawu uja anatuluka. N'zoona kuti sanayambire pa thengo, pakuti anapeza malamulo a kalembedwe atakhazikika kale. Koma chomwe chinali chatsopano n'chakuti wogamula mawu anali m'chipinda chomwecho ndi anzake, ndipo akalakwitsa chilango chake chinali kudzudzulidwa ndi akatswiri anzake basi. Ngakhale dzina la pachikuto linaonetsa kuti mphepo yatembenuka: Chinyanja chomwe chinachotsedwa mu 1968 chinabwereranso. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, amatero makolo. Mtsogoleri wa pa ntchito akakhala dambo lotero, a pansi pake amalimba mtima kunena zomwe akudziwa. Akakhala iye moto weniweniwo, onse amathawira kutali.

Komabe ufulu unabwera ndi mavuto ake. Nthambi ya yunivesite yotumikira anthu imakhala pakati pa mitengo iwiri: si kalasi yophunzitsa ophunzira a digiri, komanso si unduna wokhala ndi mphamvu yolamula. Ogwira ntchito ake amayenera kuchita kafukufuku, kumasulira zikalata za mabungwe ndi kuphunzitsa alendo Chichewa, kwinaku akufunafuna thandizo la ndalama kuti ntchito zikuluzikulu zitheke. Misonkhano yokambirana za ndondomeko ya ziyankhulo, yomwe inayamba m'chaka cha 1999, inkayenda ndi thandizo la bungwe la GTZ la ku Germany. Akatswiri analimbikira mfundo yakuti mwana amamva msanga akaphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, zomwe zinkagwirizana ndi kalata ya Unduna wa Zamaphunziro ya 1996 yokhudza Sitandade 1 mpaka 4. Koma lamulo la zamaphunziro la 2013 linasankha Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira. M'nthawi ya Kamuzu wamkulu ankamvetsera liwu lililonse, ndipo anthu ankaopa kuyankhula. M'nthawi ya demokalase anthu anayankhula momasuka, koma akuluakulu sanatchere khutu.

Yunivesite nayo yasintha. M'chaka cha 2021 makoleji ake anagawikana, ndipo Chancellor College ndiyo inatsala ndi dzina la Yunivesite ya Malawi. Ntchito ya ziyankhulo idakalipo yambiri, pakuti mawu atsopano a intaneti, a zachuma ndi a zachipatala akubadwa chaka ndi chaka, ndipo Mtumbuka, Myao ndi Msena akufuna mabuku ofanana ndi amene Mchewa ali nawo. Kwa ife a m'boma amene timalandira malipoti a akatswiri otere, mbiriyi ikutifunsa zinthu ziwiri: tisawaopseze pomwe akugwira ntchito, ndipo akamaliza tiwerenge zomwe alemba tisanazitsekere mu kabati.